Kachizindikiro aka # pa Chichewa timakatchula chani?

Nagama: Abale musanagone ndithandizeni kaye. Lero ndavutika ndi agogo ku Dedza, ndinawatumizira kangachepe pa foni nde ndimafuna aone okha ngati zalowa. Ndikuwauza dinani sitala, iwo eya kanyenyezi ndakaona. Thu wani wani adina bwinobwino. Kufika pa hashi mpamene panavuta zinthu. Ine dinani hashi agogo, iwo hashi nchani mwana iwe, ine kali pansi penipeni kudzanja lamanja pafupi ndi ziro, iwo lamanja langa kapena la foni kkkk. Mayunitsi anga kutha ndithu mpaka anakaitana mwana wa aneba. Nde kameneka # dzina lake la Chichewa nchani?

Mwana wa Chanco: mesa ndi hashtag anti

Achimwene a ku Joni: Ayi mphwanga. Hashtag ndi pamene kaphatikizidwa ndi mawu, ngati #Malawi. Kali kokha ndi hashi basi. Zili ngati kutchula chingwe kuti mbuzi chifukwa unachiona chili m'khosi mwa mbuzi

Mwana wa Chanco: kkkk ndalapa achimwene

Ajenti wa pa Chinsapo: Achemwali funso limeneli mukanayamba kufunsa ine, ndimakhala nazo tsiku lililonse pa kakontena kanga. Anthu achikulire aliyense ali ndi dzina lakelake. Ambiri amati kampanda. Ena kazenera, ena kamakwerero. Kuli abambo ena ogulitsa makala amati kawaya kootchera nyama. Koma amene anandigonjetsa ndi mayi ena a ku Mitundu, ndikuwasonyeza pa kafoni kawo ka mabatani iwo amvekere ooo kathandala aka? Kuyambira tsiku limenelo ine ndimangoti mayi dinani kathandala, palibe amene amasochera

Nagama: Kathandala!! koma inde, timitengo tiwiri uku tiwiri uku. Bwanji sindinaganize

Make Yamikani: Ana a m'tauni thandala alidziwa? Angoona mbale zikuuma pa sinki awa

Mlamu wa ku Leeds: Ine ndikuuzeni zomwe zinandichitikira nditangofika kuno. Kuno amati hashi ngati kwathu komweko, palibe vuto. Nde tsiku lina ndinaimbira kampani ina ya ku America yomwe ndinagulako katundu, kuyankha ndi makina aja amalankhula okha, akuti lembani nambala yanu kenako mudine batani la paundi. Ine kuyang'ana pa foni kufuna £, palibe. Ndadula, ndaimbanso, yemweyo mayi wa makina akuti paundi. Ndinafika poganiza kuti mwina akufuna ndilipire kaye kkkk. Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza kuti aMerika # amati paundi. Mpaka lero sindimvetsa, paundi yake iti

Aphunzitsi Opuma: Ana inu mwandidzutsa ndi tulo tanga. Mlamu, paundi imene akunenayo si ya ndalama ayi, ndi ya kulemera. Ife tisanayambe makilogalamu tinkayeza zinthu m'mapaundi, fodya, thonje, nyama ku butchala, ngakhale mwana ku sikelo. Paundi imodzi ndi pafupifupi magalamu 454, sifika theka la kilo. Polemba tinkafupikitsa kuti lb. Mwana aliyense wanzeru ankafunsa kuti aphunzitsi, mawu oti paundi mulibe L mulibe B, nanga lb yachokera kuti? Yankho lake ndi Chilatini. Aroma ankati libra pondo. Libra ndi sikelo komanso muyeso wake, pondo ndiye kuti polemera. Angerezi anatenga pondo nkupanga paundi, koma polemba anasunga lb ya libra.

Aphunzitsi Opuma: Ndipo £ imene mumaifunayo mlamu ndi L yemweyo wa libra, angomukongoletsa ndi kamzere pakati. Ife tinakula ndi mapaundi, masheleni ndi makobiri. Makobiri 12 sheleni, masheleni 20 paundi. Kwacha inabwera 1971, ndipo K2 inali paundi imodzi, nchifukwa chake agogo anu ena anakhala zaka zambiri akuwerengabe ndalama m'mapaundi kwacha ilipo kale.

Nagama: Zikomo aphunzitsi. Koma nanga lb ndi # zikukhudzana pati, sizikufanana olo pang'ono

Achimwene a ku Joni: Apa ndilowepo aphunzitsi mundikonze ndikaphonya. Kale alembi ndi amalonda a ku Ulaya polemba lb ankadutsitsa kamzere pamwamba kusonyeza kuti ndi mawu ofupikitsa, komanso kuti munthu asaone l uja ngati nambala 1. Kanali chonchi ℔. Olo m'zolemba pamanja za Isaac Newton kamapezeka. Nde tangoganizani kalaliki akulemba zimenezi kambirimbiri pa tsiku mothamanga, cholembera osachinyamula, l ndi b aja anasanduka timizere tiwiri toima, mizere yopingasa nkudutsa pakati. Tayesani pa pepala nokha mulembe ℔ ka 20 mwachangu muone chomwe chituluke. Anthu ambiri amene anafufuza amagwirizana kuti # inachokera pamenepo. Ku America mpaka pano kakakhala kumbuyo kwa nambala ndi kulemera, 5# ndi mapaundi 5, kakakhala kutsogolo ndi nambala, #5 ndi nambala 5

Aphunzitsi Opuma: Wakhoza mwana wanga. Ndiwonjezere kuti zolemba #1 ndi za ku America ndi Canada. Ife tinaphunzira kulemba No. 1, ndipo mwana akanandilembera #1 pa mayeso ndikanamuzunguliza ndi bolopeni yofiira.

Mlamu wa ku Leeds: Nde nchifukwa chake laputopu yanga imandisokoneza eti. Ya kuno ndikadina Shift ndi 3 imatulutsa £, ija ndinagula ku Lilongwe pomwepo imatulutsa #

Achimwene a ku Joni: Eya mlamu, ya ku Lilongwe ija kiyibodi yake ndi ya chiMerika. Mapaundi awiri akulimbirana batani limodzi kkk

Make Yamikani: Inu mukuti paundi, ena hashi, ife kuchipatala kameneka ndi fupa lothyoka. Adokotala akalemba # femur ndiye kuti fupa la ntchafu lathyoka, # tibia la msongolo. Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi mwana wake atagwa mu mtengo wa mango, tawajambula, adokotala alemba m'buku la kuchipatala # radius, ndiye kuti fupa la mkono, nkuwatumiza kukaika chikhakha. Bambo aja poti sukulu anapitako anawerenga okha nkumazungulira wodi yonse kufuna bedi nambala radius. Kubwera kwa ine atakwiya akuti sisitala mabedi onse ali ndi manambala koma lathuli silikuoneka. Ndinadziletsa kuseka chifukwa mwana amalira koma nditalowa mu ofesi ndinagwa nako kuseka

Nagama: Iiii Make Yamikani kkkkk bedi nambala radius

Kwayamasita: Moni nonse, ndimangowerenga mwakachetechete koma apa ndilankhule. Kwa ife oimba kameneka ndi shapu, kamakweza noti ndi theka. Anyamata a kiyibodi akati nyimbo iyi ili mu F# ndi kameneka. Amene munaphunzira solofa, fa akakwezedwa amakhala fe, so amakhala se, nde pa manoti a mizere aja amalemba shapu

Achimwene a ku Joni: Akwayamasita pepani ndikutsutsani pang'ono. Shapu ndi hashi ndi amapasa koma si munthu mmodzi. Onani ♯ ndi #. Shapu mizere yoima ndi yowongoka, yopingasa ndi imene yapendekeka kukwera kumanja, anachita dala kuti isasowe pakati pa mizere 5 ija ya manoti. Hashi ndi mosemphana, yopingasa ili phwatalala, yoima ndi imene yatsamira

Kwayamasita: Ndavala magalasi ndaonadi. Zaka zonsezi ndikuphunzitsa kwaya osadziwa, musakauze a alto

Achimwene a ku Joni: Musadandaule olo Microsoft anachita zomwezo, chilankhulo chawo cha mapulogalamu amachitchula C shapu koma polemba amalemba C# chifukwa pa kiyibodi shapu weniweni palibe

Akawuntanti: Ine kameneka sindikafuna nkukaona komwe. Chaka changa choyamba pa ntchito ndinakonza malipiro a anthu onse mu Excel, mawa lake bwana aitanitsa, ndikutsegula pamaso pawo malo a thotolo pangoti ####### mzere wonse. Mtima unasiya kugunda, ndinkangoganiza kuti basi ndafufuta ndalama za kampani ndikagona ku polisi lero. Bwana anangogwira mausi nkukoka kamzere kukulitsa kolamu, manambala onse mbee kuonekera. Kani imatero nambala ikatalika kuposa malo ake. Sananene kanthu anangondiyang'ana. Koma ikakulemberani #REF! pamenepo nde lirani ndithu, mwafufuta selo yomwe fomula imadalira. #DIV/0! ndiye kuti mwagawa ndi ziro

Mwana wa Chanco: pa chess # ndi checkmate, + ndi check. ukaona Qh4# ndekuti munthu wadyedwa basi zatha

Ajenti wa pa Chinsapo: Ife a bawo sitilemba, timangomenya m'dzenje mwamphamvu kuti mudzi wonse umve

Mbale wa ku Angónia: Boa noite abale. Kuno ku Mozambique timati cardinal, sitala timati asterisco. M-Pesa ndi asterisco 150 cardinal. Ndikabwera ku Dedza kudzagula zinthu ndikati cardinal anthu amandiyang'ana ngati ndikunena akuluakulu a mpingo wa Katolika kkk. Ku Brazil Chipwitikizi chomwechi koma ambiri amati jogo da velha, dzina la masewera aja ojambula X ndi O m'timabokosi 9

Aphunzitsi Opuma: Zimenezo zikusonyeza kuti mayi a ku Mitundu aja sanalakwe. Mitundu yambiri inatchula malinga ndi chimene inaona. Ataliyana amati cancelletto, kageti kakang'ono. Madatchi amati hekje, kampanda, ndendende makasitomala a ajenti. Ku Spain amati almohadilla, kapilo, ngakhale ine pilo sindikumuona pamenepa. Matchaina amakatchula ndi dzina la chitsime chifukwa chilembo chawo cha chitsime chimalembedwa 井.

Nagama: Cha Matchainacho chafanana kwambiri. Ngati mitengo ija timaika pakamwa pa chitsime kuti ana asagweremo

Achimwene a ku Joni: Dzina loseketsa kuposa onse ndi octothorpe. Linachokera ku Bell Labs, malo ofufuzira za mafoni ku America, m'ma 1960. Mafoni a mabatani anayamba 1963 ali ndi mabatani 10 okha, manambala basi, kenako 1968 anawonjezera awiri, sitala ndi hashi, kuti munthu azitha kulankhula ndi makompyuta kudzera pa foni. Nde mainjiniya amafuna dzina la batani lachiwirili. Octo ndi 8, werengani nsonga zake muona zilipo 8. Thorpe uja nde pali nkhani zingapo, ina imati munthu wina wa komweko ankakonda Jim Thorpe, katswiri wothamanga amene anapata mamendulo a golide ku Olympics ya 1912 ku Stockholm, ina imati anyamata ankangocheza kupanga mawu ovuta kutchula

Nagama: Nde ndiziti agogo dinani okotothopu? Adzandidula foni

Make Yamikani: Adzati mwanayu walodzedwa ku Lilongwe kkkk

Ajenti wa pa Chinsapo: Koma achimwene a ku Joni mundiyankhe ichi. Nchifukwa chani makodi onse amathera ndi kathandala? *211# Airtel Money, *444# Mpamba, *626# Mo626, onse sitala kutsogolo hashi kumbuyo. Munthu akaiwala hashi foni imangoimba ngati akuimbira munthu

Achimwene a ku Joni: Mwadziyankha nokha ajenti. Zimenezi amati USSD. Sitala amauza netiweki kuti izi si nambala ya munthu ndi lamulo, akakhalanso pakati amalekanitsa zigawo, hashi amati ndamaliza tumiza. Ali ngati fulusitopu. Popanda iyeyo netiweki imaona ngati mukuimba foni wamba. Ubwino wake sizifuna intaneti olo bandulo, kafoni ka mabatani ka agogo kamachita chimodzimodzi ndi iPhone, nchifukwa chake ndalama za pa foni zinafala msanga kwathu. Ndinganene kuti pa tsiku Amalawi amadina hashi ya USSD kambiri kuposa ya Facebook

Ina yoti aliyense adziwe ndi *#06#, imatulutsa IMEI, nambala yodziwira foni yanu, manambala 15. Lembani pa pepala musunge kunyumba, foni ikabedwa apolisi amafunsa imeneyo. Pogula foni ya kaunjika dinaninso muone ngati ikufanana ndi yomwe ili pa bokosi. ##002# imachotsa ma divert onse ngati mukukayika kuti wina anakhotetsa mafoni anu

Make Yamikani: Ndangoyesa pompano ##002# pa foni ya bambo a Yamikani

Mlamu wa ku Leeds: kkkkkk achemwali anati pa foni YANU

Ajenti wa pa Chinsapo: Poti tafika pamenepa ndichenjeze. Munthu wosamudziwa akakuimbirani kuti ndatumiza ndalama molakwika kapena mwawina mphoto, nde dinani sitala chakuti chakuti hashi, dulani foni. Sabata yathayi kunabwera mnyamata wa kabaza akulira, anamuyendetsa batani ndi batani pa foni mpaka analowetsa PIN yekha, ndalama yonse yomwe amasonkha ya matayala inapita. Achemwali Nagama agogo muwauze kuti kathandala azidina akawauza ndinu basi

Nagama: Zoona ajenti ndiwauza mawa lomwe

Mwana wa Chanco: nde hashtag yanga ija inayamba liti poti mwandinyoza nayo

Achimwene a ku Joni: Iweyo ndiwe wamkulu kapena ndinu a msinkhu umodzi. Pa 23 August 2007 munthu wina dzina lake Chris Messina analemba pa Twitter kufunsa anzake kuti bwanji tizigwiritsa ntchito # posonkhanitsa nkhani za gulu limodzi, chitsanzo chake chinali #barcamp. Ndipo polemba iye anakatchula paundi, mlamu mwamva. Sanazitole kumwamba, pa IRC, macheza a pa intaneti omwe anayamba ku Finland 1988, mayina a magulu ankayamba ndi #. Eni Twitter poyamba sanatengeke nazo. Zinagwira moto mu October chaka chomwecho, moto weniweni kkk, nkhalango zikupsa ku San Diego anthu ankalemba #sandiegofire kuti apeze nkhani zonse malo amodzi. 2009 mpamene Twitter inapanga zoti ukadina hashtag izikutengera ku zolemba zonse, Instagram 2011, Facebook inachedwa mpaka 2013. Mkuluyo sanatengepo patent, sanadyepo kanthu

Mlamu wa ku Leeds: Akanakhala wa kwathu bwenzi akulipiritsa K50 pa hashtag iliyonse

Achimwene a ku Joni: Koma mphamvu yake ndinaiona ndi maso October 2015. #FeesMustFall inayambira pa yunivesite ya Wits pompano, ine ndinkagwira ntchito cha ku Braamfontein, m'mawa tikuona pa foni masana misewu yatsekedwa, pasanathe sabata ziwiri ophunzira dziko lonse ali pamsewu mpaka ku Union Buildings, ku maofesi a pulezidenti, Zuma analengeza kuti fizi ya 2016 sikwera. Chaka chomwecho March kunali #RhodesMustFall ku Cape Town chiboliboli cha Cecil Rhodes chinachotsedwa mu April

Mbale wa ku Angónia: Ku Zimbabwe 2016 kunali #ThisFlag ya m'busa Evan Mawarire, azibale athu a ku Harare ankangotitumizira mavidiyo

Make Yamikani: Ine yomwe inandikhudza ndi #BringBackOurGirls 2014, atsikana 276 aja anabedwa pa sukulu ku Chibok ku Nigeria. Dziko lonse linalemba mpaka Michelle Obama ananyamula chikwangwani, koma ena mwa ana aja mpaka lero sanabwerere kwa makolo awo. Nde ine zoti hashtag payokha imasintha zinthu ndimakayika, ku Joni zinatheka chifukwa ana anatuluka panja ndi miyendo yawo

Achimwene a ku Joni: Sindikutsutsa sisitala, koma anadziwa bwanji kokumana

Make Yamikani: Ife kale tinkadziwa bwanji kopanda mafoni? Nkhani ya maliro imafika midzi 10 dzuwa lisanatuluke

Akawuntanti: Ine amandinyansa ndi aja oika pa sitetasi ya WhatsApp #blessed #bossLady #Mulungu_ndi_wabwino mizere itatu, pa WhatsApp sizigwira ntchito olo pang'ono ukadina palibe chimachitika. Pa ukwati nde usanene, mpaka pa keke alembapo

Nagama: Mukunena ine akawuntanti ndamva kkkk

Mwana wa Chanco: vuto lina ndi Chichewa chathuchi. ndinalemba #ng'ombe pa Instagram inangotenga #ng basi, ombe anatsala panja. #Mang'anja imakhala #Mang

Achimwene a ku Joni: Eya hashtag imaduka ikakumana ndi mpata kapena chizindikiro ngati kankhodolero ako. Nde anthu amangolemba #ngombe, aphunzitsi atseke maso

Aphunzitsi Opuma: Sinditseka. Ng'oma ndi ngoma ndi zinthu ziwiri, ina timaimba ina ndi nyama ya m'tchire. Mukachotsa kachizindikiroko mwasintha mawu. Ndipo poti aliyense wanena za ntchito yake, nditapuma ndinathandizako kukonza zolembedwa zisanapite kosindikiza. Kumeneko # m'mphepete mwa tsamba amatanthauza kuti ika mpata apa, mawu aphatikizana. Tsono taonani, kwa osindikiza kamatanthauza ika mpata, kwa ana inu kamaletsa mpata. Ndagona.

Kwayamasita: Mugone bwino aphunzitsi. Nde tagwirizana chiyani, kampanda kapena kathandala? Tivote

Ajenti wa pa Chinsapo: Kathandala

Mbale wa ku Angónia: cardinal

Mlamu wa ku Leeds: Inu a ku Angónia voti yanu ndi ya ku Maputo kkk. Ine kampanda, azungu a ku Holland ali mbali yanga

Mwana wa Chanco: hashi yakwana abale, pa wailesi amati hashi, aliyense pansi pa zaka 50 amamva. mesa foni, sitolo, supuni tinabwerekanso

Make Yamikani: Nanga a pamwamba pa 50 ndi amene timawatumizira ndalama

Nagama: Mwadzuka bwanji nonse. Ndawaimbira agogo mmawa uno. Ndati agogo tiyesenso, kanyenyezi, thu, wani, wani, kenako kathandala. Phee pang'ono, kenako ndikumva akuti ooo aka? bwanji dzulo sunanene chonchi, koma thandala lake lopanda miyendo mbale zake agalu anyambita. Adina, menyu yatuluka, mwana wa aneba wawawerengera balansi

Ajenti wa pa Chinsapo: Ndinanena ine

Nagama: Vuto ndi lakuti pano akudziwa kuona okha. Andiimbiranso kawiri kuti adina kathandala koma ndalama ndi yomwe ija ya dzulo, feteleza wakwera, nditumize ina liti